Zipangizo Zothandiza Anthu Osamva: Kusankha, Kusamala ndi Kudziwa Pamene Zimalekezera

Munthu akamuika kachipangizo kukhutu, achibale ambiri amaona ngati nkhani yatha. Amayamba kumuitana ali m'chipinda china, kumulankhula atamufulatira, kenako n'kumadandaula kuti makinawo ndi achabechabe kapena kuti mwiniwakeyo akungochita dala. Chonsecho makinawo akugwira ntchito imene anawapangira. Chipangizo chilichonse chili ndi malo amene chimathandiza ndi malo amene chimagonja, ndipo palibe n'chimodzi chomwe chosandutsa munthu wosamva kukhala wakumva. Amene amapindula nazo ndi amene adziwa malirewo n'kusankha chida molingana ndi malo: china pocheza awiri, china pamsonkhano, china pa foni, china usiku pogona.

Dziwaninso kuti osamva si anthu a mtundu umodzi. Alipo amene amamvako pang'ono ndipo amalankhula ndi pakamwa. Alipo amene anasiya kumva atakula, chilankhulo ali nacho kale m'mutu. Ndiye alipo amene anabadwa osamva kapena anasiya kumva ali makanda, ndipo ambiri mwa iwo chinenero chawo chenicheni n'chamanja. Gulu lomalizali silidziona ngati odwala oyembekezera kuchira. Lili ndi zinenero zake, zoposa 200 padziko lonse, nthabwala zake, ndakatulo zake ndi mayina a m'manja amene amapatsana okhaokha. Lipoti la bungwe la WHO la 2021 linati anthu oposa 1.5 biliyoni ali ndi vuto la kumva, ndipo 430 miliyoni mwa iwo vuto lawo n'lofunika chithandizo. Khamu lotere silingafune chinthu chimodzi, choncho funso loyamba lipite kwa mwiniwake: akufuna chiyani, ndipo amavutika kwambiri akakhala pati?

Yambani ndi kuyezetsa

Musagule chipangizo makutu asanayezedwe. Katswiri amayamba wasuzumira m'khutu ndi katochi, chifukwa nthawi zina chotseka ndi phula la m'khutu kapena mafinya, zomwe zimafuna chithandizo cha kuchipatala. Akatero amakuvekani mahedifoni n'kuliza timaphokoso khutu limodzi pa nthawi, kuyambira mawu okhuthala a 250 Hz mpaka mawu oonda ngati mluzu a 8000 Hz (Hz ndi muyeso wa kukhuthala kapena kuonda kwa mawu). Zotsatira amazilemba pa tchati chotchedwa audiogram, khutu lakumanja ndi O wofiira, lakumanzere ndi X wabuluu. Chizindikiro chikatsika kwambiri pa tchaticho, ndiye kuti phokoso linayenera kukwezedwa kwambiri kuti khutu limve. Malinga ndi magawo a WHO, 20 mpaka 35 dB (muyeso wa kukwera kwa phokoso) ndi vuto laling'ono, 35 mpaka 50 ndi lapakati, ndipo kupitirira 80 dB munthu samva kulankhula ngakhale kokweza. Pemphani kope la tchaticho n'kulisunga, pakuti aliyense wodzakonza kapena kutchuna makina adzalifuna.

Tchati chimenechi chimayankha funso limene limasautsa mabanja ambiri, loti bwanji amamva zina n'kulephera zina. Nthawi zambiri makutu amayamba kutaya mawu oonda. Mavawelo, a, e, i, o, u, ndi amphamvu ndiponso okhuthala, pamene s, f, sh, ts ndi anzake ndi ofooka ndi oonda, koma ndi amene amasiyanitsa liwu ndi linzake. Munthuyo amamva kuti mukulankhula, zimene mukunenazo osazigwira. Kukuwa kumangokweza mavawelo amene amawamva kale, kumapotoza milomo yanu, ndipo kwa ambiri phokoso lokwera limapweteka m'khutu.

N'chifukwa chake timakina totchipa tongokweza phokoso lonse mofanana timakhumudwitsa. Chipangizo chenicheni amachitchuna pa kompyuta kuti chikweze mawu amene khutu lataya n'kuchepetsa mphamvu ya phokoso ladzidzidzi. Kwa makanda, ndondomeko imene akatswiri amatsata ndi 1-3-6: kupimidwa asanakwane mwezi umodzi, kutsimikiza zotsatira pofika miyezi 3, kuyamba kuthandizidwa pofika miyezi 6.

Chipangizo cha kukhutu tsiku ndi tsiku

Mtundu wokhala kuseri kwa khutu ndi wolimba kuposa inayo, ndipo ndi umene amapatsa ana ndi anthu a vuto lalikulu. Pamwamba pake pali timabowo ta maikolofoni. M'kati muli kakompyuta kokonza mawu, kasipika ndi batire. Mawu amatuluka pa kangowe kokoleka pa khutu, n'kudutsa m'kachubu koonekera mpaka m'choumba, kapulasitiki kapena kalabala kopangidwa molingana ndi khutu la munthuyo. Mtundu wina uli ndi kawaya koonda m'malo mwa chubu, ndipo kasipika kake kamakhala m'khutu mwenimwenimo, kovekedwa kachipewa ka labala ndi kasefa kotchinga phula. Ndi wosaonekera kwambiri, koma kasipikako kamakumana ndi phula ndi thukuta tsiku lonse, choncho kamafa msanga.

Mabatire otaya akatha ali m'masaizi anayi, ndipo mtundu wa kapepala kake ndi wofanana kaya apangidwa ndi kampani iti: 10 ndi wachikasu, 312 wabulauni, 13 waolenji, 675 wabuluu. Wa 10 amatha masiku 3 mpaka 7, wa 312 masiku 3 mpaka 10, wa 13 masiku 6 mpaka 14, wa 675 masiku 9 mpaka 20, kutengera mphamvu ya chipangizo ndi maola amene chimayaka. Kumvera foni kudzera pa Bluetooth kumawadya mofulumira. Mabatirewa amagwira ntchito ndi mpweya. Kapepala komatidwako kamatseka timabowo, ndipo mukakamatula mpweya umalowa, batire n'kudzuka. Dikirani mphindi imodzi yathunthu musanamuike m'chipangizo. Mukafulumira amakhala asanakwane mphamvu, ndipo makina angalire ngati batire watha chonsecho ndi watsopano. Kapepala kakachoka basi kachoka, batireyo amapitiriza kutha ngakhale mutakamatanso. Musawasunge m'firiji kapena m'thumba limodzi ndi makiyi ndi ndalama zachitsulo.

Batire ngati ameneyu ndi woopsa kwa mwana. Akamumeza kapena kumulowetsa m'mphuno kapena m'khutu, thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo, osayesa kumusanzitsa. Chipangizo cha mwana wamng'ono chikhale ndi kachitseko ka batire kokhoma. Zipangizo zotchaja zilibe vutoli ndipo zimapepukira okalamba amene zala zawo zimanjenjemera, koma zimafuna magetsi usiku uliwonse. Kumene magetsi amazimazima, mabatire otaya kapena tchaja chokhala ndi batire yakeyake n'zodalirika.

M'mawa uliwonse pamafunika mphindi ziwiri zokha. Yang'anani ngati chubu chili ndi mng'alu, madontho a madzi kapena phula. Yatsani chipangizo n'kuchifumbata m'dzanja: chikalira kuti pyoo, batire ndi sipika zili moyo. Kwa mwana onjezerani mayeso a timawu 6 amene anakonza Daniel Ling: mmm, uuu, aaa, iii, shhh, sss. Khalani pambali pake kapena kumbuyo, pa mtunda wa mita imodzi, pamene sakuona pakamwa panu. Nenani kamodzikamodzi ndi mawu a masiku onse, mukusintha ndondomeko ndi kutalika kwa nthawi yodikira kuti asalowere pamtima. Wamkulupo abwereze, wamng'ono aponye kamwala m'chitini akamva. Timawuti timayambira kokhuthala mpaka koonda, ndiye ngati dzulo amamva sss koma lero ayi, pali chimene chasintha, kaya m'makina kaya m'khutu.

Kulira kwa mluzu chipangizo chili kukhutu ndi dandaulo lofala kuposa onse, ndipo kawirikawiri amene amaumva ndi anthu oyandikana nawo, mwiniwake ali phee. Chimachitika n'chakuti mawu okwezedwa amathawa m'khutu n'kubwerera ku maikolofoni, n'kukwezedwanso, n'kumazungulira choncho. Fufuzani motsatana. Kodi choumba chalowa bwino, makamaka kansonga kake kam'mwamba kamene kamayenera kubisala mu mpindiro wa khutu? Kodi m'khutu mwadzaza phula lobweza mawu? Kodi chubu chauma n'kung'ambika polumikizana ndi choumba? Chubu chimauma pakatha miyezi 3 mpaka 6, ndipo chatsopano chidulidwe pa muyeso wa chakale: chikafupika chimakoka choumba, chikatalika makina amalendewera. Ngati ndi mwana, mwina khutu lakula. Khanda lingafune choumba chatsopano mwezi uliwonse kapena miyezi iwiri iliyonse, wamkulupo kamodzi kapena kawiri pa chaka. Kutsitsa voliyumu kumathetsa mluzu, koma mwanayo mwamumananso mawu amene anavalira chipangizocho.

Mdani wina ndi chinyezi. Usiku pukutani chipangizo ndi kansalu kouma, tsegulani kachitseko, chotsani batire, ndipo makinawo muwaike m'kabotolo kotseka bwino kokhala ndi timibulu toyamwa chinyezi ta silica gel. Batire asalowe m'botolomo, amauma n'kufa msanga. Timibuluto tikasintha mtundu ndiye kuti takhuta, tisintheni. Choumba chimatsukidwa kamodzi pa sabata: chizuleni pamodzi ndi chubu chake pa kangowe, chitsukeni m'madzi ofunda a sopo, chitsukuluzeni, tulutsani madzi a m'chubu ndi kapampu ka mpweya, n'kuchisiya chiume usiku wonse. Osauzira ndi pakamwa, mpweya wa m'kamwa uli ndi chinyezi chake. Dontho limodzi lokha m'chubu ndi lokwanira kutseka mawu onse. Makina enieniwo asakhudze madzi, sipiriti, mafuta odzola kapena mankhwala opopera tsitsi, ndipo akanyowa musawayanike padzuwa kapena pafupi ndi moto.

Chipangizo chikangoti zii, musathamangire kwa okonza. Ikani batire wina, mbali yosalala ya chizindikiro cha + iyang'ane kumene kachitseko kakusonyeza. Chotsani choumba n'kumvera makina okha: akalira, chotsekeka ndi chubu kapena choumba. Pa mtundu wa kawaya sinthani kasefa ka phula, chifukwa makina ambiri amene amaoneka ngati afa amakhala atangotsekeka pamenepo. Timabowo ta maikolofoni tisesedwe ndi kaburashi, makina atazondotsedwa. Singano isayandikire.

Wovala koyamba amadabwa ndi phokoso la mapepala, madzi a pampopi, mapazi ake ndi mawu ake omwe, amene amamveka ngati akulankhulira mu mgolo. Ubongo unali utaiwala zimenezi ndipo umafuna masabata angapo kuti uyambenso kusankha zofunika. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Yambani m'nyumba mwakachetechete, muziwonjezera maola tsiku lililonse mpaka tsiku lathunthu, ndipo lembani malo amene zikuvuta kuti katswiri akatchunenso. Koma choumba chikamapweteka kapena kutupitsa khutu, chimenecho si chozolowera, chikapalidwe.

Mtunda ndi phokoso

Maikolofoni ya kukhutu imagwira bwino mawu a munthu amene ali pa mita imodzi kapena awiri. Mtunda ukawirikiza kawiri, mawu amatsika ndi pafupifupi 6 dB. Mawu a 60 dB pa mita imodzi amakhala 54 pa mamita awiri, 48 pa mamita anayi, pamene phokoso la m'chipinda lili pomwepo. Makoma osalala, simenti ndi magalasi zimabweza mawu n'kuwasakaniza. Chothetsera chake ndi kamaikolofoni kopanda waya kovala wolankhulayo, kamene kamatumiza mawu molunjika ku chipangizo. Kapanidwe pachifuwa, masentimita 15 mpaka 20 kuchokera pakamwa, kutali ndi mikanda, makiyi kapena sikafu. Mphunzitsi wovala kameneka azibwereza mafunso a ana ena, chifukwa mwana wosamvayo akumva iye yekha. Ndipo azikazimitsa potuluka m'kalasi. Kamatumiza mawu ngakhale kudutsa khoma, ndipo sikadziwa kuti mwalowa kuchimbudzi.

M'maholo, m'nyumba zopemphereramo ndi pa mawindo a maofesi mungaone chizindikiro cha khutu chokhala ndi chilembo T. Pamenepo pali waya wozungulira malowo, wolumikizidwa ku maikolofoni, amene amatumiza mawu ngati mphamvu ya maginito. Kakoyilo ka m'chipangizo, kotchedwa telecoil, kamawatola mukasinthira pa T. Zipangizo zambiri zili nako koma katswiri amayenera kukatsegula potchuna, choncho funsani. Mukasinthira pa T n'kumva zii, kawirikawiri eni malo sanayatse makina awo, pakuti palibe wakumva amene amazindikira kuti azima. Kung'ung'udza kosalekeza kumachokera ku mawaya a magetsi, ndipo zitsulo za m'konkire zimafooketsa mphamvuyo malo ena, ndiye yesani mpando wina. Njira yatsopano ya Bluetooth yotchedwa Auracast ikuyamba kugwira ntchito yofanana, koma pogula chipangizo chatsopano ndi nzeru kusankha chokhala ndi telecoil.

Cochlear implant ndi mkangano wake

M'kati mwa khutu muli kachiwalo kopindika ngati chigoba cha nkhono, kokhala ndi timaselo taubweya toposa 15,000. Tikafa sitimeranso, ndipo tikafa tambiri kukweza mawu sikuthandiza. Cochlear implant imalambalala timaseloto. Dokotala amaika kachipangizo pansi pa khungu kuseri kwa khutu n'kulowetsa m'chigobacho kawaya kokhala ndi timfundo ta magetsi 12 mpaka 22, timene timagunda mtsempha wa kumva mwachindunji. Kunja kumakhala makina otola mawu ndi kagudumu komata pamutu ndi maginito. Ina mwa mitundu yoyamba ya timfundo tambiri inaikidwa mwa anthu ku Vienna mu 1977, ntchito ya Ingeborg ndi Erwin Hochmair, ndi ku Melbourne mu 1978 motsogozedwa ndi Graeme Clark. Amaiyatsa patapita masabata awiri kapena anayi chichitikireni opaleshoni, ndipo mawu oyamba amamveka ngati kulira kwa makina. Chotsatira ndi maulendo ambiri okatchunitsa ndi miyezi, kwa ana zaka, zophunzira kumva.

Musanavomere opaleshoni, funsani za moyo wonse wa chipangizocho: ndani adzachitchune, mawaya ndi mabatire zidzachokera kuti, makina akunja akatha ntchito adzalowedwa m'malo bwanji. Kawaya kopita ku kagudumu ndi kamene kamaduka kawirikawiri, sungani kapadera. Pamene pamakhala maginito pakafiira, maginitowo ndi amphamvu kwambiri ndipo angaboole khungu. Katemera wa matenda oumitsa khosi amafunika, ndipo aliyense wofuna kukujambulani ndi makina a MRI auzidwe kaye. Makina akunja akachoka, posamba, pogona kapena batire akatha, munthuyo samva chilichonse.

Anthu akumva amadabwa kuti ena mwa osamva anaikana implant. Mbiri imafotokoza. Mu 1880, msonkhano wa aphunzitsi a ana osamva ku Milan, amene pafupifupi onse anali akumva, unagamula kuti ana aziphunzitsidwa kulankhula ndi pakamwa, manja ayi. Kwa zaka zambiri ana ankalangidwa akapezeka akulankhula ndi manja, ndipo aphunzitsi osamva anachotsedwa m'makalasi. Katswiri wa zinenero William Stokoe anasonyeza mu 1960 kuti chinenero chamanja cha ku America chili ndi malamulo akeake ngati chinenero china chilichonse, koma msonkhano wa aphunzitsi uja unadzakana chigamulo cha ku Milan mu 2010, ku Vancouver. Ndiye makina atabwera limodzi ndi malangizo akuti mwana asaphunzire manja kuti asachite ulesi, osamva anamva mawu amene ankawadziwa kale. Ana osamva 9 mwa 10 alionse amabadwa kwa makolo akumva, ndipo makolowo sangadziwiretu kuti makina adzamuthandiza mwana mpaka pati. Zaka zoyambirira zikadutsa mwana alibe chinenero chokwanira, bala lake silipola msanga. Malangizo athu ndi akuti muyambe chinenero chamanja tsiku limene mwadziwa kuti mwana samva, makina alipo kapena palibe, ndipo mumupezere akuluakulu osamva oti azicheza naye.

Foni, vidiyo ndi mawu olembedwa

Kwa zaka pafupifupi 90 foni inali chida cha akumva okha. Wosamva wofuna kuona mnzake ankangonyamuka ulendo, osadziwa ngati amupeza, ndipo makalabu a osamva anali malo omvera nkhani, opezera ntchito ngakhale banja. Mu 1964 Robert Weitbrecht, wasayansi wosamva wa ku America, anapanga kachipangizo kolumikiza makina otaipira ndi foni. Makinawo, TTY, ankalola munthu mmodzi kulemba pa nthawi imodzi, choncho panabadwa mwambo: GA kutanthauza yankha tsopano, SK kutanthauza ndatseka. Mameseji a pa foni ya m'manja, amene anayamba mu 1992, anachotsa kufunika kwa makina apadera. Koma zonsezi zinali zolemba, ndipo kwa munthu wa chinenero chamanja chilankhulo cholembedwa ndi chachiwiri, chimene anachiphunzira osachimvapo. Musaweruze nzeru zake poona galamala ya meseji.

Vidiyo ndi imene inabweretsa foni m'chinenero cha eni ake. George Veditz, mmodzi wa atsogoleri a osamva ku America, anaziona kale mu 1913, pamene bungwe la osamva ku America linkajambula akatswiri a chinenero chamanja pa filimu kuopa kuti chingafe. Lero nthano, ndakatulo, maulaliki ndi nkhani za m'manja zimasungidwa n'kufalikira ngati mabuku. Chinenerocho chasinthanso: pa sikirini yaing'ono zizindikiro zimafupika n'kukwera kufupi ndi nkhope, ena amalankhula ndi dzanja limodzi lina litagwira foni, ndipo achinyamata amabwereka zizindikiro za mayiko ena. Makalabu ambiri achepa mphamvu, mwa zina chifukwa palibenso chokakamiza anthu kukumana.

Kuti vidiyo imveke, foni iime pa chinthu cholimba, manja onse akhale omasuka. Khalani pa mtunda wa pafupifupi mita imodzi, chithunzi chiyambire pamwamba pang'ono pa mutu mpaka pa mchombo, zigongono zonse zikuoneka. Kuwala kuchokere kutsogolo. Windo likakhala kumbuyo nkhope imada bii, pamene nsidze, masaya ndi milomo ndi zimene zimasonyeza funso, kukana ndi kukula kwa chinthu. Mumdima kamera imachedwa kujambula, zala n'kumaoneka ngati utsi, ndipo ambiri amanamizira netiweki pamene chosowa ndi babu. Valani malaya a mtundu umodzi wosiyana ndi khungu lanu, opanda mizere. Zimitsani zija zobisa kumbuyo kwa munthu, chifukwa zimadula manja akamayenda mofulumira. Manja amafuna zithunzi 25 mpaka 30 pa sekondi, ndipo zikatsika kufika cha ku 12, zilembo za zala zimayamba kusowa. Netiweki ikafooka, jambulani uthenga n'kuutumiza ngati vidiyo, umafika wathunthu.

Pamisonkhano ya pa Zoom ndi mapulogalamu ofanana nayo, chithunzi chachikulu chimathamangira kwa amene wapanga phokoso, ngakhale kutsokomola. Womasulira ndi wolankhula ndi manja akhomedwe pa sikirini kuti asasunthe. Womasulira amatsalira masekondi angapo, choncho wotsogolera adikire pang'ono asanatseke mfundo, ndipo msonkhano wautali umafuna omasulira awiri osinthana mphindi 20 kapena 30 zilizonse. Lankhulani kwa wosamvayo mwachindunji, osati kuuza womasulira kuti "muuzeni kuti..." Ndipo m'gulu la WhatsApp muli wosamva, uthenga wa mawu uli ngati kunong'onezana pamaso pake. Lembani.

Mawu olembedwa pa TV otha kuyatsa ndi kuzimitsa anayamba ku America mu 1980, ndipo lamulo la 1990 linakakamiza kuti ma TV a mainchesi 13 kupita m'mwamba azikhala ndi kachipangizo kowaonetsa. YouTube inayamba kulemba yokha mawu mu 2009, ndipo Live Transcribe ya Google, imene inapangidwa mothandizana ndi yunivesite ya osamva ya Gallaudet, inatuluka mu 2019. Mapulogalamuwa amachita bwino ndi munthu mmodzi wolankhula momveka, pamalo achete, m'chilankhulo chimene anaphunzitsidwa mokwanira. Zilankhulo zambiri sizinafike pamenepo, ndipo kusakaniza zilankhulo kumawasokoneza. Foni ikhale pafupi ndi pakamwa pa wolankhula, osati pafupi ndi wowerenga. Mapulogalamuwa amaphonya kwambiri mayina, manambala ndi timawu tokanira, ndipo amalemba cholakwika mosakayika ngati cholondola. Kuchipatala, kukhoti ndi pa nkhani za ndalama pemphani womasulira kapena kuti mfundo zilembedwe papepala. Mapulogalamu ambiri amatumizanso mawu pa intaneti, choncho dziwitsani amene mukulankhula naye.

Kuwerenga milomo sikungatseke mipata yonse. Yesani pa galasi: pano ndi mano zimaoneka chimodzimodzi, vula ndi fula chimodzimodzinso, ndipo k, g ndi ng' zimapangidwira kukhosi kosaoneka. Magolovesi amene amati amamasulira manja, omwe amatchuka m'nkhani nthawi ndi nthawi, musatayirepo ndalama. Amawerenga zala, nkhope ndi thupi osaziona, ndipo katundu yense amamusenzetsa wosamva pamene wakumva sanaphunzire kanthu.

M'nyumba, makamaka usiku

Nyumba ya osamva imayendera maso ndi kunjenjemera. Belu la pakhomo limalumikizidwa ku magetsi othwanima, ndipo kathwanimidwe kake kasiyane ndi ka foni kapena ka kulira kwa mwana. Poitana munthu, mugwireni paphewa pang'ono, gwedezani dzanja pamene akuona, kapena zimitsani n'kuyatsa getsi kamodzi kapena kawiri. Kuphethiritsa kambirimbiri mofulumira kumatanthauza ngozi. Switchi ya kubafa ikakhala panja imagwira ntchito ya kugogoda. Mipando izungulire kuti aliyense aone mnzake, ndipo galasi loikidwa pakona limasonyeza amene akubwera kumbuyo. Magetsi akazima kucheza kumathera pomwepo, choncho tochi ikhale pamalo odziwika. Iwalitseni kukhoma kapena kudenga, osati m'maso.

Usiku makina onse a kukhutu amakhala atavulidwa, ndipo apa ndi pamene mabanja ambiri sakonzekera. Alamu wamba ya utsi imalira pa 3000 Hz kapena kupitirira pang'ono, mawu oonda omwe aja amene makutu amayamba kutaya. Kwa omvako pang'ono, alamu ya mawu okhuthala a 520 Hz imadzutsa bwino. Kwa osamva konse pamafunika kachipangizo konjenjemera koika pansi pa pilo kapena matiresi, kolumikizidwa ku alamuyo. Getsi lothwanima limachenjeza munthu ali maso, koma palokha silidalirika podzutsa wogona. Foni ndi wotchi zotha kuzindikira kulira kwa alamu n'zongowonjezera, ndipo opanga ake amachenjeza kuti zisadaliridwe pa ngozi. Sankhani makina okhala ndi batire yapadera, popeza moto umatha kuyamba ndi kuzima kwa magetsi. Kamodzi pa mwezi munthu mmodzi agone pabedi makina a kukhutu atavula, wina akadine batani loyesera pa alamu iliyonse ya m'nyumba. Kachipangizo konjenjemerako kamakonda kutsetsereka n'kugwera kuseri kwa bedi, choncho kapanidwe ku nsalu ya pilo. Pa matiresi okhuthala kaikeni pansi pa pilo, ndipo alamu ya utsiyo isinthidwe ikakwana zaka 10, kuwerengera deti lolembedwa kuseri kwake.